Dothi Langa Litakhoza Mayeso

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa nthawi ndithu, koma popeza ku Natuseko kuno ngakhale nkhuku zikuidziwa, ndi bwino muimve kwa mwini wake. Ikakufikani kudzera mwa aneba anga idzabwera itamera nyanga ndi mchira. Ndi yamanyazi kale payokha, sifunika kuwonjezera mchere.

Ine ndine Phiri, bambo wa mwana mmodzi, Tiyamike, amene timangomuti Tiya. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito mumgodi wa ku Kabwe kuno, ndipo anatisiyira Chichewa chimene timayankhula m'nyumba mpaka lero. Atate anga anandisiyira kanyumba ka zipinda ziwiri, mtengo wa mango, ndi bwalo la fumbi. Ndimagwira ntchito m'shopu ya zipangizo zomangira nyumba m'tauni, kuyeza misomali pa sikelo. Giredi 12 ndinaimalizira kusukulu yamadzulo ndili ndi ndevu kale, ndipo masamu ndinawalemba katatu. Zimenezi muzisunge, zibweranso kutsogoloku.

Kunja kwa tauni yathu, pamsewu wopita ku Kapiri, kuli yunivesite. Abwana akandituma kuperekeza lole ya simenti mbali imeneyo, ndinkakhala pamwamba pa matumba n'kumadikira geti lija. Likangoonekera, ine ndinali nditachoka kale m'lolemo. Ndinkaona Tiya atakula, atavala mkanjo wakuda ndi chipewa cha ngodya zinayi, amake akulululutira mpaka mawu kutha, ine ndili pampando wakutsogolo ndi suti yosabwereka. Masiku ena maloto ankapitirira malire: ndinkadziona ndekha ndikulowa pagetipo ndi mafayilo m'khwapa, mlonda akundipatsa sawatcha. Dalaivala ankachita kumenya chitseko kuti nditsike, tafika.

Nthawi imeneyo Tiya anali ndi zaka zitatu, ndipo ntchito yake inali yophika. Ankakhala pansi pa mango, kukanda dothi ndi madzi, n'kuumba makeke m'zitsekerero za mabotolo. Monga wophika aliyense wodziwa ntchito, ankayamba walawa asanapatse mlendo. Mlendo wake wa tsiku ndi tsiku anali Mimi, chidole cha pa salaula, msika wa kaunjika, chimene dzanja lake lamanja linkangoguluka.

Loweruka lina anthu a kuyunivesite anabwera pabwalo la sukulu ya pulayimale ya kwathu. Anali ana asukulu ovala masikipa ofanana, ndi mphunzitsi wawo, mayi wamfupi wa magalasi, Dokotala Mulenga. Ndinkayembekeza Chingerezi chothyola mano, koma mayiyo anayankhula Chibemba ndi Chinyanja cha pamsika, moti ngakhale agogo ogulitsa makala anamva. Anatifotokozera za mtovu, umene ambiri kuno amangouti ledi: kuti fumbi la mgodi wakale linausiya m'dothi la madera ena, kuti suoneka ndipo sununkha, koma ukalowa m'thupi la mwana wamng'ono umamubera nzeru mwakachetechete. Mwana amakula bwinobwino, koma akafika m'kalasi zinthu sizimulowa.

Apo ndinamva ngati wina wandichotsera mpando wakutsogolo uja. Ndinaona chipewa cha ngodya zinayi chikuuluka ndi mphepo. Ndinamunyamula Tiya n'kumupukuta pakamwa ndi malaya anga.

Anatiuza kuti aliyense akatape dothi pamalo enieni pamene mwana amasewera, aike m'pepala la pulasitiki, alembe dzina. Adzatiyezera ulere. Loweruka lotsatira adzabweranso pabwalo lomwelo kudzatenga. Ndipo Dokotala anawonjezera, mongodutsa, kuti amene sadzapezeka akhoza kukasiya yekha ku labu, kuyunivesite.

Kuchokera kunyumba kwanga kufika pabwalo la sukulu ndi mtunda woti tiyi sangazizire. Koma ine ndinali nditamva chinthu chimodzi chokha: ndaitanidwa kuyunivesite.

Ndinauza amake Tiya kuti Loweruka limenelo kushopu kudzakhala ntchito yambiri. Anandiyang'ana pang'ono. Iwo ndi amene anatapa dothi pansi pa mango ndi supuni yaikulu, naliika m'pepala la shuga lotsuka bwino. Lachitatu ndinapempha theka la tsiku, ndinasita malaya aukwati, ndinapukuta nsapato mpaka kuona nkhope yanga, n'kukwera minibasi.

Pageti mlonda anandifunsa chimene ndadzera.

"Ndikupita ku labu. Ndili ndi sampulo," ndinatero, mawu akutuluka okhuthala ngati a munthu wina.

Sanandipatse sawatcha, koma anandipatsa buku la alendo, ndipo ndinasaina dzina langa lonse, ndi mchira wake womwe.

M'katimo ndinayenda ngati ndili m'madzi. Mitengo italiitali, mithunzi yozizira, ana asukulu atagona pa kapinga ndi mabuku pachifuwa ngati alibe chowathamangitsa padziko. Ndinasankha zenera lina la m'mwamba n'kunena mumtima kuti chipinda cha Tiya chidzakhala chimenecho. Ndinamusankhiranso mtengo wowerengera pansi pake. Ndinasochera kawiri, koma sindinadandaule.

Nditapeza labu, sindinalowe msanga. Ndinakhala pabenchi panja kuti thukuta liume. Pazenera ndinkaona anthu ovala makhoti oyera, mabotolo owala, matebulo oti ungadyerepo popanda mbale. Ndiye ndinati ndiyang'ane kaye katundu wanga.

Abale anga. Dothi lija kunyumba linkaoneka ngati dothi. Kuno linkaoneka ngati mlandu. Linali lotuwa ngati phulusa. Munali nthenga ya nkhuku, kachidutswa ka khala, mitu iwiri ya kapenta, chitsekerero cha botolo, ndipo pamwamba pa zonsezi, chitatambasula zala ngati chikupempha thandizo, panali dzanja la Mimi limene tinalifunafuna sabata yathunthu.

Amayi anga anandilera kuti kwa anthu aulemu supita ndi mbale yong'aluka. Mlendo akabwera kwathu, nkhuku imafa ngakhale ife tigonere masamba sabata yonse. Ngakhale kuchipatala timapita titasamba, kuti dokotala asaone litsiro asanaone matenda. Tsono ine ndikaike mitu ya kapenta patebulo la anthu ophunzira, dzina langa litalembedwa pamwamba? Ndipo kunena zoona panali chinanso. M'mutu ndinkadziwa bwino kuti awa si mayeso a kusukulu. Koma mtima wa munthu amene anaimapo kawiri pa bolodi la zotsatira n'kusapeza dzina lake sumva zimenezo. Unkangondiuza kuti dothi ili lilephera, ndipo adzaliwerenga pamaso pa Natuseko yense.

Pafupi ndi benchipo panali bedi la maluwa ofiira. Dothi lake linali lakuda, lofewa, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Ndinaliyang'ana, nalonso linandiyang'ana.

Ndinati ndingosakanizako dzanja limodzi, kuti langa lioneke la moyo. Nditasakaniza linaoneka ngati munthu wodwala amene wadzola mafuta. Ndinawonjezera. Kenako ndinaona kuti langa ndi limene likuwononga zinthu. Ndinalikhuthula lonse pakati pa maluwa, n'kudzaza pepala ndi lakuda lija mpaka kukhosi.

Ndili chogwada choncho ndinamva moni kumbuyo. Anali bambo wachikulire wa ovolosi yobiriwira, atagwira paipi ya madzi. Ndinayankha moniwo ndikumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Anandiyang'ana, anayang'ana maluwa, napitiriza kuthirira. Ine ndinalowa mu labu, ndinapereka pepala, mtsikana wa khoti loyera analemba dzina langa n'kunena kuti zikomo ba Phiri. Ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Za dzanja la Mimi sindinaziganizirenso.

Patapita masabata awiri anatiitananso pabwalo la sukulu. Dokotala Mulenga anapatsa aliyense kapepala kake, n'kufotokoza kuti mabwalo ambiri a kwathu sali oopsa ngati a m'makomboni oyandikana ndi mgodi, komabe afunika kusamalidwa: kukwirira ndi dothi labwino, kubzala kapinga, kusambitsa ana m'manja. Kenako anati pali sampulo imodzi imene yawadabwitsa onse. Yoyera ngati ya kumudzi kutali, yachonde ngati ya m'dimba. Anafunsa ngati ba Phiri alipo.

Anthu anaomba m'manja. Ndinaimirira. Mukhululuke, koma moyo wanga wonse ndinali ndisanakhozepo kanthu ulendo woyamba. M'makutu munali nyimbo.

Dokotala anandifunsa chimene ndimachita pabwalo langa, popeza aneba anga a mbali zonse zinayi zawo zinatuluka mosiyana. Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati, mayi, tiyeni tipite pambali. Ndinatsegula pakamwa kuti nditero. Koma ndinaona ana a yunivesite atatulutsa mabolopeni, maso ali pa ine, akudikira kulemba. Kulemba mawu anga, ine wa misomali.

Ndinawauza kuti kwathu timasesa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, osati mwachisawawa. Analemba. Ndinati madzi otsukira mpunga sititaya, timawaza pabwalo. Analemba. Ndinati mthunzi wa mango nawonso uli ndi mbali yake, koma pafunika kafukufuku wina. Mnyamata wina wa magalasi anagwedeza mutu, nadula mzere pansi pa mawuwo. Amake Tiya, amene kwenikweni ndi amene amasesa, ndipo amasesa kulikonse kumene tsache laloza, anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Mpunga kwathu timadya pa Khirisimasi.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasintha. Pamsika, pa mpopi, pokwerera minibasi, ndinali ba Pulofesa. Anthu anayamba kusesa kuchokera kum'mawa. Bambo wina anandiimitsa panjira kufunsa ngati madzi a mpunga wa Nakonde amagwira ntchito mofanana ndi a mpunga wa m'shopu, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinati wa Nakonde ndi wamphamvu.

Kenako kunabwera ndowa.

Woyamba anali neba wathu wa kuseri kwa mpanda, bana Mwape, mayi wogulitsa zitumbuwa amene ali ndi ana amapasa ndi pakamwa posatseka. Anafika m'mawa ndi ndowa ndi khasu. Anati popeza dothi langa ndi loyera, ndimugawireko akathire pamene amapasa amasewera. Ndinayesa kumuuza kuti dothi likasamutsidwa limatha mphamvu.

"Ba Pulofesa, nakala pafupi na imwe zaka zingati? Munyu nimakupasani, moto nimakupasani. Manje lelo mufuna kunimana doti? Doti chabe?"

Amake Tiya anatuluka ndi manyazi, napepesa, namuthandiza kukumba. Pofika kumapeto kwa sabata pansi pa mango panali dzenje loti mbuzi ingagonemo, ndipo dothi langa lotuwa lija linali litafalikira m'mabwalo asanu ndi limodzi, ana akusewerapo, amayi awo akundidalitsa.

Choipa kwambiri chinali kunyumba. Chiyambire msonkhano woyamba, amake Tiya ankamuthamangitsa mwana padothi ngati nkhuku pa chimanga. Tsopano anamumasula. Anati mwana asangalale, bwalo lake lili ndi satifiketi. Ine ndinagula mphasa n'kuyala pansi pa mango. Tiya anaikokera pambali chifukwa inkaphimba ufa wake. Ndinayamba kumunyamula paphewa kulikonse, ngati mapazi ake ndi mazira. Ndinkamusambitsa m'manja asanadye, atadya, ndiponso akungoganiza zodya. Amake anandifunsa ngati ndalowa tchalitchi chatsopano.

Kawiri konse ndinafuna kuulula. Ulendo woyamba ndinawapeza ali pafoni akuuza amayi awo kuti anakwatiwa ndi munthu amene yunivesite imamufunsa nzeru. Ulendo wachiwiri anali atandiphikira nkhuku popanda mlendo.

Madzulo ena ndikuchokera kuntchito, dzuwa likadalipo, ndinamupeza Tiya m'mphepete mwa dzenje lija, makeke atawandandalika pamzere. Anatenga limodzi, analuma pang'ono, natambasula dzanja kundipatsa lotsalalo, mano ali bii, akumwetulira. Ndinagwada, ndinamuchotsa dothi mkamwa ndi chala, iye akulira kuti ndanyoza chakudya chake. Pamenepo nyimbo ya m'makutu ija inazima. Ndinalumbira kuti mawa lomwelo ndiimbira Dokotala.

M'mawa mwake foni inalira ndisanaigwire. Anali Dokotala Mulenga. Anati akhala akukambirana, ndipo agwirizana kuti bwalo langa likhale chitsanzo cha dera lonse. Loweruka abwera ndi basi ya ana asukulu, mbewu za kapinga, ndi makina oyezera dothi pompopompo, kuti anthu aone ndi maso awo kusiyana kwa bwalo losamalidwa ndi losasamalidwa. Anafunsa ngati zili bwino.

Munthu amene analumbira dzulo lake uja anayankha kuti, "Mwalandiridwa, Dokotala."

Masiku atatu amenewo ndinkayeza misomali ndili kutali. Ndinalota mvula yamphamvu ikukokolola msewu wa ku Natuseko, mwezi wa Ogasiti. Ndinalota basi itaphulika matayala onse anayi popanda wovulala. Ndinaganizanso zobwerera ku bedi la maluwa lija, koma nditawerengera kukula kwa bwalo langa ndinapeza kuti pafunika lole. Masamu amene anandizunza zaka zonse zija anasankha tsiku limenelo kuti andimvere.

Loweruka kunacha bwino mochititsa manyazi. Amake Tiya anafulula munkoyo, thobwa la kuno, chidebe chathunthu, anabwereka mipando kutchalitchi, anamuveka Tiya diresi la pa Sabata. Basi inalowa m'kanjira kathu ikukhudza mipanda mbali zonse. Natuseko yense anabwera, ena atakwera pa zidutswa za njerwa. Bana Mwape anakhala kutsogolo, monga munthu amene anayamba kukhulupirira ena asanakhulupirire.

Dokotala anayankhula mawu ondiyamikira amene sindidzawaiwala ngakhale ndikanakonda. Kenako anatulutsa makina aja, kanthu kooneka ngati choumitsira tsitsi ku saluni. Anagwada, anakagunditsa pansi, anadikira, nawerenga.

Anapukuta magalasi. Anasuntha mapazi atatu nayezanso. Anafunsa mwana wasukulu ngati batire linatchajidwa. Anatuluka, anakayeza m'mphepete mwa msewu, nabwerera pang'onopang'ono. Anandifunsa, mwaulemu kwambiri, malo enieni amene ndinatapa sampulo. Amake Tiya anayankha monyadira kuti anatapa okha, naloza pansi pa mango. Dokotala analowa m'dzenje muja, anayeza pansi, anayeza m'mbali. Kunali zii, moti ndinkamva munkoyo ukuwira m'chidebe.

Ndinayamba kunena kuti mwina aneba anatapa lonse labwino, latsala la pansi. Bana Mwape anagwedeza mutu movomereza. Mwina ndikanapulumuka kwa mphindi zina zisanu.

Koma nthawi yomweyo kumbuyo kwa basi kunatsika munthu womaliza, akukankha wilibala yodzaza matumba a kapinga. Bambo wachikulire wa ovolosi yobiriwira. Anamubweretsa kuti aphunzitse anthu kabzalidwe. Anaika wilibala pansi, anandiyang'ana, nkhope yake n'kuwala ngati wapeza m'bale wotayika.

"Ba bosi, ndimwe. Nenze kukufunani. Munaibala katundu wanu mu maluwa yanga."

Anapisa m'thumba la pachifuwa. Anafotokozera anthu, mosafuna kuipitsa aliyense, kuti tsiku lina anapeza dzenje pabedi lake la kutsogolo kwa labu, pambali pake kamulu ka dothi lotuwa la mitu ya kapenta, ndipo pamwamba pake kanthu aka. Iye ali ndi zidzukulu, amadziwa kuti kwinakwake kuli mwana amene akulira. Ndiye anakasunga.

Anakakweza m'mwamba. Zala zisanu zapinki, zotambasula.

"Dzanja la Mimi!" anakuwa Tiya. Anathamangira m'nyumba, anatuluka ndi chidole, nalowetsa dzanjalo paphewa. Linalowa kuti tswii, pamaso pa yunivesite ndi Natuseko yense.

Amake Tiya sanakweze mawu. Akanakweza zikanakhala bwino.

"Bambo a Tiya, dzanja la Mimi linakafika bwanji kuyunivesite, ife eni ake tisanafikeko?"

Ndinaulula zonse nditaimirira m'mphepete mwa dzenje langa: benchi, makhoti oyera, kapenta, masamu katatu. Ana asukulu anayesa kudzigwira, koma mnyamata wa magalasi uja atatsegula kope lake n'kuona mzere umene anadula pansi pa mthunzi wa mango, anakhala pansi m'fumbi momwemo. Dokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Anati kwa masabata atatu akhala akudabwa ndi manyowa awo omwe, ndipo anatsala pang'ono kulembera anzawo a kutali.

Kenako anasiya kuseka. Anayang'ana Tiya, amene anali atakhala kale pansi ndi diresi la pa Sabata, akuyamba kuphikira Mimi chakudya chomulandirira. Anamunyamula yekha n'kundipatsa.

"Ba Phiri, dothi silikhoza ndipo sililephera. Limangotiuza zoona kuti timuteteze uyu. Mukalibisa, amene akulemba mayeso ndi iyeyu, osati inu."

Mawu amenewo anandilowa kuposa kuseka konse. Ndinangomufungatira mwana.

Amene anandipulumutsa ku misozi ndi bana Mwape. Anaimirira, anamanga chitenje, nauza anthu kuti iye wasenza ndowa zisanu pamutu, wasesa kuchokera kum'mawa mpaka msana kuwawa, waphika mpunga pakati pa mwezi kuti angopeza madzi ake, ana ake mpaka kuyesa kuti kuli ukwati. Anati dothi langa ndikalitenge ndekha, lonse, ndipo adzaliwerenga. Ena asanu aja anavomereza. Lamulungu lonse, anthu akuchokera kutchalitchi, ankakumana ndi ba Pulofesa akukankha wilibala nyumba ndi nyumba, kutolera zotsatira zawo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti a yunivesite sanakwere basi n'kuthawa. Dokotala anati bwalo langa likhalabe chitsanzo, kungoti chitsanzo cha mbali inayo, ndipo n'chimene anthu amafunika kuona kwenikweni. Loweruka lomwelo ana asukulu anavula nsapato zawo zabwino, tinakwirira dzenje, tinathira dothi latsopano, bambo wa ovolosi akutilondolera kabzalidwe ka kapinga. Anandiuza kuti dothi limene abweretsali ndi la mulu womwewo umene amathira m'maluwa, ndiye ndisavutikenso kukwera minibasi. Munkoyo unatha wonse. Sabata yotsatira anatiperekeza ife ndi aneba ku kiliniki kuti ana akayezedwe magazi. Za Tiya zinatuluka zoti tisachite mantha koma tisagone: azidya bwino, azisamba m'manja, adzabwerenso. Ulendo umenewo sindinayese kusinthanitsa chilichonse. Amake Tiya anandigwira mkono mpaka nesi atatseka botolo.

Anandikhululukira patapita masabata awiri, kapinga atayamba kuphuka. Koma mpaka lero ndikavala malaya aukwati amandifunsa kuti ndikukaba chiyani.

Tiya tsopano amaphikira pa kapinga. Makeke ake ndi a masamba a mango, ndipo Mimi tinamumanga dzanja ndi waya. Ndikamadutsa pageti lija pamwamba pa simenti ndimalotabe. Zenera lija ndi lakebe, mtengo uja ndi wakebe. Kungoti ndikafika pa labu, maloto amayenda mofulumira.

Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wa chaka choyamba kuyunivesite kudzaona mmene kapinga akukulira m'mabwalo a kwathu. Atawerenga dzina langa papepala lake anaima, nandiyang'ana ngati waona munthu wa pa TV. Anafunsa ngati ndine ba Phiri enieniwo, a dzanja. Anati Dokotala amayamba nane phunziro la katapidwe ka sampulo: amaonetsa chithunzi cha dzanja la chidole pakhoma, n'kufotokoza chifukwa chake wofufuza ayenera kupita yekha kukaona pamene dothi lachokera, ndiponso kuyamba wawauza anthu kuti palibe wochititsidwa manyazi. Anati ndinabweranso pa mayeso a teremu yatha. Funso lachitatu.

Ndinamufunsa ngati funsolo linali lovuta.

"Awe, ba Phiri. Imwe palibe amene amakulepherani."

Choncho musamandione ndi sikelo ya misomali n'kumandiderera. Ine kuyunivesite ndinalowa kale, popanda mkanjo, popanda chipewa, ndipo chaka chilichonse kalasi yonse imandikhoza. Ngati wafunadi kubera mayeso, usabere m'munda mwa amene adzakuchonge.